Ulusi pa Mapu

Magetsi azimanso kuno ku Mabvuku.
Ndayala mapu a Chimanimani patebulo lositira,
kandulo uku, chitini cha shuga uko,
kuti mphepo ya pawindo isapinde phiri.

Ndadula ulusi wofiira m'bokosi la singano.
Ndiugoneka panjira, ukhota pomwe njira yakhota,
kenako ndiuwongola pa rula wa mwana wanga:
tsiku loyamba, makilomita asanu ndi anayi.
Koma ulusi sudziwa chitunda.
Suchita wefuwefu.
Sunabelekepo tenti, mapoto ndi mpunga wa masiku anayi.

Ndiye ndisuzumira timizere tija.
Pomwe tatalikirana, tidzayenda tikucheza.
Pomwe tathithikana ngati anthu mu kombi ya madzulo
yochokera ku Fourth Street,
pamenepo nkhani zidzatha zokha.
Ndilemba: makilomita atatu, ola limodzi;
kukwera mamita mazana anayi, ola linanso.
Ndifufuta. Ndilemba mazana atatu.

Tilipo anayi.
Sekani amathamanga m'bandakucha mpaka ku Msasa,
n'kubwera wosatuluka thukuta.
Akuti, "Makumi awiri patsiku, achemwali, tikaone zonse."
Rumbidzai amaimira duwa lililonse
ngati akulonjera apongozi.
Ine ndili chapakatikati.
Ndiye pali Ndaziona, mkulu wanga,
amene bondo lake lili ndi chitsulo cha ku Parirenyatwa,
chitsulo chomva mvula mitambo isanabwere.
Iye sanatchule nambala.
Anangofunsa ngati madzi ali pafupi ndi pogona.

Lamulungu lapitali tinakayesa ku Ngomakurira,
zikwama zodzaza njerwa zokulunga m'matawulo.
Ndinabisa wotchi m'dzanja, ndikumuwerengera.
Pokwera anandichititsa manyazi,
phazi ndi phazi, osapuma, mpaka pamwamba.
Potsika ndiye ndinaona:
ankatsika chammbali ngati nkhanu,
dzanja pathanthwe lotentha,
akuseka kwambiri kuti tisamve mano akukukutika.
Mphindi makumi asanu kukwera.
Ola ndi theka kutsika.
Masamu anga onse ankaopa chikweza,
palibe pomwe ndinalipira matsitso.

Choncho usiku uno ndikuba.
Tsiku lachiwiri ndalichotsera makilomita anayi,
ndawabisa m'tsiku loyamba, miyendo ikadali yatsopano.
Lachitatu ndalisiya ndi kadzenje masana,
pafupi ndi kamzere kabuluu kamene ndikukhulupirira kuti ndi mtsinje.
Lachinayi, lotsika lokhalokha,
ndalipatsa dzuwa lonse, kuyambira mame mpaka mdima.
Sekani akadandaula ndidzati wotopa ndine,
ndidzati nsapato zikundiluma.

Chitseko chalira. Ndaziona walowa ndi tochi ya foni,
akununkha mafuta otikitira bondo.
Wawerama. Wawerenga pang'onopang'ono,
monga amawerengera bilu ya madzi ya khonsolo
akakayika kuti amubera.
"Tsiku lachiwirili lawonda bwanji?"
Ndati mapu ndi akale.
Wanditenga pensulo m'manja,
wabwezera makilomita awiri pomwe ndinachotsa anayi,
awiri enawo wawasiya, osandiyang'ana.
Pansi pa lachinayi walemba ndi zilembo zake zopendekeka:
ndodo ziwiri, ndipo tenti asenze Sekani.

"Ukandiyeza, uzindiuza," watero.
"Bondoli ndagona nalo zaka zisanu ndi ziwiri,
ndikudziwa mtengo wake kuposa iwe."

Watola ulusi uja, waukulunga kuchala,
njira yonse ya masiku anayi
yakwana pa chala chimodzi, n'kutsalako.

Kunja jenereta ya aneba yatsokomola, yazima.
Agalu a ku Tafara akuyankhana.
Kandulo watsala ngati chala chachikulu,
ndipo sitinagwirizanebe
ngati phanga lachiwiri tidzalifike dzuwa likadalipo,
kapena tidzagone patsidya, mtsinje tisanawoloke.